Cilonda ca cuku m'diso: mmene thupi limamenyera nkhondo, ndi mmene acipatala amalithandizira

Kodi tsamba la cimanga linakukandanipo m'diso? Kapena mankhusu a mpunga anakugweranimo popeta? Ambirife zinaticitikirapo. Timatikita diso, misozi n'kutuluka, mawa lake tadzuka bwinobwino. Koma nthawi zina sizithera pomwepo ayi. Pakapita masiku angapo diso limafiira, limawawa, ndipo pa diso lakuda pamabwera kadontho koyera. Kadontho kameneko kangakhale cilonda coyamba ndi cuku. Mukacedwa naco, diso limatha kufa.

M'nkhani ino muwerenga za matenda amenewa. Muona mmene thupi lanu limatetezera diso, cifukwa cake citetezoco nthawi zina cimaononga diso lomwelo, ndiponso zimene madokotala amacita pociwongolera. Muli mayina ena acilendo. Musaope, tiziwamasula limodzilimodzi.

Galasi la diso

Yang'anani diso la mnzanu ca m'mbali. Kutsogolo kwa diso lakuda muona kakhungu koonekera, kotukuka pang'ono ngati dontho la madzi. Acipatala amakachula kuti córnea. Ife pano tiziti galasi la diso.

Galasili ndi laling'ono. M'lifupi mwake ndi mamilimita 11 kapena 12. Kucindikala kwake pakati ndi theka la milimita basi. Koma kuwala konse kolowa m'diso kumadzera pomwepa. Galasi likacita mbuu, munthu saona, ngakhale mkati mwa diso muli bwino.

M'galasi la diso muli mitsempha yambiri yomva kuwawa. N'cifukwa cake kacitsotso kakang'onong'ono kamakusowetsani mtendere. Koma mulibe mitsempha ya magazi. Ikanakhalamo, bwenzi galasilo lisakuonekera. Mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Cuku n'ciyani?

Cuku mumacidziwa kale. N'cija cimamera pa nsima yogonetsa masiku, pa cimanga cosauma bwino m'nkhokwe, kapena pa mtedza wonyowa. Ndi cinthu camoyo, ca mtundu umodzi ndi bowa. Zipere nazonso zimayamba ndi abale ake a cuku. Pa Cipwitikizi amati fungo. Musasokonezeke, si fungo lija timamva ndi mphuno ayi.

Cuku cimafala ndi timbewu tating'ono kuposa fumbi. Timbewuti tili m'dothi, pa masamba, ndi mumpweya momwe. Mitundu imene imavutitsa maso kawirikawiri ndi itatu:

Fusarium: umakhala m'dothi ndi pa zomera. Mitundu yake ina ndi imene imaoletsa cimanga cikadali kumunda.

Aspergillus: ndiye mwini cuku ca m'nkhokwe.

Candida: amakhala pa thupi pathu pomwepa. Ndi uja amayeretsa m'kamwa mwa khanda. M'diso amakonda kugwira diso limene linali lodwala kale.

Diso likakhala labwinobwino, cuku sicilowa cisawawa. Cimafuna khomo. Khomo lake ndi pamene pakandika. Tsamba likakanda galasi la diso, limatsegula khomolo n'kusiyamonso timbewu. Timbewuto timamera timizu tonga ulusi, n'kumalowerera mkati.

Matendawa si atsopano. Mu 1879, dokotala wa maso wa ku Germany, Theodor Leber, analemba za mlimi amene anadwala cilonda cotere atalasidwa m'diso ndi mankhusu. Mpaka lero alimi ndiwo amadwala kwambiri. Ofufuza anawerengera mu 2021 kuti caka ciliconse anthu oposa 1 miliyoni amadwala matendawa pa dziko lonse, ambiri mwa iwo ku Asia ndi kuno ku Africa. Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi mmodzi amafika pocotsedwa diso.

Ndani ali pangozi?

Muli pangozi ngati mumagwira nchito zimene zimaulutsira zinthu m'maso: kukolola ndi kutong'ola cimanga, kupuntha ndi kupeta mpunga kapena nyemba, kudula nzimbe, kumweta udzu, kuwaza nkhuni. Ngozi imakula nthawi ya masika.

Muli pangozinso ngati muli ndi matenda a shuga, ngati muli ndi HIV koma simukumwa mankhwala, ngati mwathira mankhwala acikuda m'diso lovulala, kapena ngati mumadontheza mankhwala a maso ogula nokha osauzidwa ndi acipatala.

Zizindikiro

Diso limawawa, limafiira, ndipo limacuca misozi. Mumamva ngati muli mcenga. Kuwala kwa dzuwa kumakupwetekani. Mumayamba kuona mwacimbuuzi. Pa diso lakuda pamaoneka kadontho koyera kapena kotuwa, kamene kamakula tsiku ndi tsiku. Zikafika poipa, m'munsi mwa diso lakuda mumadikha zoyera ngati mafinya.

Cilonda ca cuku kawirikawiri cimakula pang'onopang'ono, ndipo apa m'pamene cimapusitsira anthu. Munthu amati, "Aa, tione kaye mawa." Mawa n'kukhala sabata.

Ena akaona coyeraco amati ndi ng'ala. N'zosiyana. Ng'ala ya okalamba imakhala mkati mwa diso, siwawa, ndipo imabwera kwa zaka. Cilonda cili pamwamba, cimawawa, ndipo cimabwera m'masiku ocepa.

Mipanda itatu yoteteza diso

Thupi lanu silikhala cete cuku cikafika. Lili ndi mipanda itatu.

Mpanda woyamba ndi zikope ndi misozi. Mukaphethira, mumasesa diso. Misozi si madzi wamba. Muli zinthu zimene zimapha tizilombo kapena kutilepheretsa kukula.

Mpanda waciwiri ndi khungu lopyapyala la pamwamba pa galasi. Likakandika pang'ono, limadzitseka lokha m'masiku awiri kapena atatu. Likatseka msanga, cuku cimasowa polowera.

Mpanda wacitatu ndi asilikali a m'thupi. M'galasi la diso mumakhala alonda ocepa. Alondawa amazindikira khungu la cuku, cifukwa limapangidwa ndi zinthu zimene m'thupi la munthu mulibe. Akalizindikira amatumiza uthenga woitana anzawo. Amene amabwera ambiri ndi asilikali a m'magazi ochedwa neutrófilos. Mukukumbuka kuti m'galasi mulibe mitsempha ya magazi? Conco asilikaliwa amatulukira m'mphepete, pamene diso lakuda limakumana ndi loyera, n'kuyenda mpaka pa cilonda.

Tizilombo ting'onoting'ono asilikaliwa amangotimeza. Koma timizu ta cuku ndi tatitali, sitimezeka. Ndiye amatikakamira n'kumatithira poizoni. Amabisanso ferro ndi zinco, timicere timene cuku cimafuna kuti cikule. Popanda asilikali amenewa, cuku cikhoza kumera mosaletseka.

Pamene citetezo cimasanduka vuto

Munaonapo anyamata akutentha chire posaka mbewa. Moto umatulutsadi mbewa. Koma ukapitirira umapsereza udzu wofolerera, mitengo, mwinanso nkhokwe ya mnansi. Nkhondo ya m'diso imayendanso cimodzimodzi.

Poizoni amene asilikali amathira pa cuku sasankha. Amasungunulanso galasi la diso. Asilikali akaculuka, cilonda cimakula ndi kuzama. Zoyera zija zimadikha m'munsi mwa diso lakuda, zambiri ndi asilikali omwewa ataunjikana. Galasi lija ndi theka la milimita basi, conco silicedwa kubooka. Ngakhale cuku cife, pamalo pankhondo pamatsala cipsera coyera. Cipsera ca pamwendo sicikuletsani kuyenda. Koma ca pakati pa diso cimachinga kuwala.

Ndiye kuti diso limaonongedwa ndi zinthu ziwiri: cuku ceniceni, ndi nkhondo yolimbana naco. Dokotala amayenera kuganizira zonse ziwiri. Akafooketsa asilikali kwambiri, cuku cimapambana. Akawalekerera, galasi limasungunuka. Cithandizo cogwira nchito kudzera m'citetezo ca thupi cimafuna kupeza pakati pa ziwirizi.

Coyamba ndi kupha cuku

Palibe njira yowongolera citetezo imene ingalowe m'malo mwa mankhwala opha cuku. Amenewa ndiwo amayamba.

Kucipatala ca maso amakuyang'anani ndi makina owala okulitsa diso. Amadonthezamo utoto wacikasu woonetsa kukula kwa cilonda. Akhoza kudontheza mankhwala ocititsa dzanzi, n'kupala pang'ono pa cilondapo kuti akaone pa microscópio. Akaona timizu, adziwa kuti ndi cuku. Kuyeza kumeneku n'kofunika, cifukwa cilonda ca cuku ndi ca mabakiteriya zimafanana pozionera ndi maso. Pomada ya tetraciclina ija timalandira kawirikawiri imalimbana ndi mabakiteriya. Cuku siipha.

Mankhwala odalirika kwambiri ndi madontho a natamicina 5%. Anapezeka mu 1955, kucokera ku tizilombo ta m'dothi la ku Natal, ku South Africa, ndipo dzina lake linacokera komweko. Mu 2013, kafukufuku wa odwala 323 ku India anaonetsa kuti natamicina amapulumutsa maso kuposa madontho ena ochedwa voriconazol, makamaka pa Fusarium. Mu 2017, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la OMS, linaika natamicina pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Komabe m'maiko ambiri a mu Africa ndi wosowa. Pa Candida madokotala amakonda anfotericina B.

Kumene natamicina kulibe, ena amagwiritsa nchito madontho a clorexidina 0,2% okonzedwera maso. Koma cenjerani. Clorexidina wotsukira mabala, kapena wopaka pa mcombo wa khanda, ndi wamphamvu kwambiri. Akalowa m'diso amacititsa khungu. Musayerekeze.

Masiku oyamba, madontho a cuku amathiridwa ola lililonse, usana ndi usiku. Botolo la natamicina muzilikhuchumula musanadontheze. Kenaka dokotala amacepetsa pang'onopang'ono. Cithandizo conse cimatenga masabata angapo, nthawi zambiri kupitirira mwezi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Musasiye cifukwa ululu wacepa.

Madontho amene amagoneka asilikali

Pali gulu la mankhwala lochedwa corticóides. Nchito yake ndi kuziziritsa kutupa pogoneka asilikali a m'thupi. Pa matenda ena a maso ndi othandiza ndithu, ndipo madokotala amawalemba. Koma pa cilonda ca cuku ndi oopsa.

Mukawadontheza, kufiira kumacepa, ululu n'kutsika. Mumati ndacira. Koma asilikali agona, ndipo cuku cikulowerera mkati popanda wociletsa. Pamene ululu uzibwerera, cilonda cakula kale.

Apa m'pamene kudziwa kuwerenga kungapulumutse diso lanu. Musanadontheze mankhwala alionse, werengani pa botolo ndi pa kabokosi. Funani mayina awa:

dexametasona
betametasona
hidrocortisona
prednisolona

Mwaona mmene amathera? Amathera ndi "sona" kapena "solona". Mabotolo ena amakhala ndi mayina awiri, lina la mankhwala opha mabakiteriya, lina la corticóide. Werengani onse awiri. Ngati diso lavulala kapena lili ndi kadontho koyera, musathire mankhwala amenewa pokhapokha atakulemberani dokotala wa maso amene waliyeza disolo. Mankhwala otsala a mnansi wanu asiyeni, ngakhale iye anacira nawo.

Njira zoziziritsa nkhondo zimene madokotala ali nazo

Nanga ngati corticóides ndi oopsa, dokotala angateteze bwanji galasi kuti lisasungunuke? Pali njira zingapo. Zonse zimayendera limodzi ndi mankhwala opha cuku, ndipo wosankha ndi dokotala wa maso.

Yoyamba ndi mapiritsi a doxiciclina. Ambiri timawadziwa ngati mankhwala opha mabakiteriya. Koma alinso ndi nchito ina: amafooketsa zinthu zija zimasungunula galasi. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono kawirikawiri sapatsidwa mapiritsi amenewa.

Yaciwiri ndi kakhungu kopyapyala kamene kamakuta mwana m'mimba mwa mayi. Mayi wobereka mwa opaleshoni akavomera, acipatala amayeza magazi ake, n'kutenga kakhunguko, kukatsuka ndi kukasunga bwino. Dokotala amakayala pa cilonda ca diso ngati cigamba. Kamacepetsa kutupa ndi ululu, ndipo khungu la galasi limamera mosavuta pamenepo.

Yacitatu ndi madontho opangidwa kucokera ku magazi a wodwala yemweyo. Amacotsa zofiira n'kutsala madzi acikasu. Madziwa ali ndi zinthu zothandiza khungu kumera. Amathandiza pamene cuku cagonja koma cilonda cikukana kutseka.

Yacinayi imakhudza opaleshoni. Galasi likabooka kapena mankhwala akalephera, dokotala akhoza kudula mbali yodwalayo n'kusokererapo galasi la munthu wina amene anapereka maso ake atamwalira. Apa pamabuka vuto lina. Asilikali a m'thupi amaona galasi latsopanolo ngati mlendo, n'kufuna kulikana. Pa odwala ena dokotala amaletsa zimenezi ndi corticóides. Koma kwa wodwala cuku, masiku oyamba amawapewa poopa kudzutsa timizu totsalira. M'malo mwake ena amapereka madontho a ciclosporina kapena tacrolimus. Mankhwalawa amafooketsa makamaka gulu la asilikali okana galasi latsopano, osagoneka onse. Cocititsa cidwi n'cakuti ciclosporina naye anacokera ku mtundu wina wa cuku ca m'dothi. Opaleshoni imeneyi imacitika m'zipatala zocepa kwambiri, ndipo magalasi oti aikepo ndi osowa. Si cinthu coti muzidalira.

Zimene ofufuza akuyesa

Ofufuza akufuna mankhwala olondola kuposa amenewa. Ena akuyesa kutengera zinthu zopha tizilombo za m'misozi, kuti azipange kukhala madontho. Ena akuyesa kucepetsa uthenga woitana asilikali, kuti abwere okwanira kupha cuku koma osaculuka mpaka kuononga. Enanso akuyesa kumana cuku ferro ndi zinco, monga mmene asilikali amacitira. Zambiri mwa izi zayesedwa pa mbewa za m'nyumba zofufuzira, ndipo sizinafike m'zipatala zathu. Katemera wa matendawa kulibe.

Conco wina akabwera ndi botolo n'kumati, "Awa amakweza citetezo, cilonda ca m'diso cimatha," sungani ndalama zanu. Muzigwiritse nchito pa ulendo wa kucipatala.

Mbali yanu

Tetezani maso pa nchito. Valani magalasi popuntha, podula nzimbe ndi powaza nkhuni. Ngakhale magalasi a dzuwa wamba amathandiza. Popeta, imani moti mphepo izicotsa mankhusu kumaso kwanu.

Cinthu cikalowa m'diso, musatikite. Sambani m'manja, n'kutsuka disolo ndi madzi ambiri oyera, makamaka owiritsa n'kuzizira. Musalole munthu kucotsa kacitsotso ndi lilime, udzu kapena kamtengo ka macesi. Cinthu cikalasa n'kukanirira, cisiyeni, akacotse acipatala.

Musathiremo mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga, mandimu kapena madzi a masamba ndi mizu. Amene amatipatsa zimenezi amatifunira zabwino, ndi zoona. Koma madzi a masamba akhoza kukhala ndi timbewu ta cuku tomwe tija, ndipo ena amaocha galasi.

Ngati diso likuwawabe mutatsuka, pitani ku cipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake. Musadikire kadontho koyera. Mukafika, nenani cimene cinakulasani ndi tsiku lake. Mawu akuti "linandikanda tsamba la cimanga" amathandiza wacipatala kuganizira za cuku. Nenaninso zonse zimene mwathiramo kale, musacite manyazi. Ngati botolo lilipo, litengeni.

Mukaona kadontho koyera, kapena mwathira mankhwala masiku awiri koma diso likuipirabe, bwererani msanga. Pemphani kalata ija amati guia, yopitira ku cipatala cacikulu, monga ca ku Tete kapena ca ku Lichinga, kumene kuli oona za maso.

Samalaninso asilikali anu. Ngati muli ndi HIV, imwani ma ARV tsiku lililonse. Ngati muli ndi shuga, tsatirani malangizo a kucipatala, cifukwa shuga akakwera asilikali amafooka ndipo zilonda zimacedwa kupola. Idyani zakudya za vitamina A, zimene zimalimbitsa khungu la diso: mbatata yofiira mkati, mango, mapapaya, maungu, nkhwani, bonongwe, mazira ndi ciwindi. Zakudyazi siziciza cilonda cimene cayamba kale. Nchito yake ndi kulimbitsa mpanda.

Diso la mlimi ndi cuma ca banja lonse. Ulendo wa kucipatala nthawi yokolola umaoneka ngati kutaya tsiku. Koma amene amafika cilonda cikadali cacing'ono ndi amene kawirikawiri amabwerera kumunda akuona.

Mawu atsopano

Córnea: galasi loonekera la kutsogolo kwa diso.
Fungo: dzina la Cipwitikizi la cuku ndi abale ake.
Neutrófilos: asilikali a m'magazi amene amafika ambiri pa cilonda.
Natamicina: madontho opha cuku m'diso.
Corticóides: mankhwala oziziritsa kutupa, oopsa pa cilonda ca cuku.

Kambiranani ndi anzanu

1. Kodi cuku cimalowa bwanji m'galasi la diso?
2. Chulani zinthu ziwiri zimene zimaononga diso pa matenda amenewa.
3. Mwapeza botolo lolembedwa dexametasona, ndipo m'bale wanu walasidwa m'diso ndi udzu. Mumuuza ciyani?
4. Kwanuko anthu amathira ciyani m'diso lovulala? Mungawafotokozere bwanji mwaulemu zimene mwawerengazi?